Nyanga ya Kumanzere

Miyezi itatu yathunthu a Delmer Shumate anakhala akuzokota nyanga imodzi ya onga, ndipo Loweruka limene anaimaliza anapita nayo kukhitchini ataigwira ndi manja awiri ngati chikho cha mgonero.

"Mayi a Wendell, pukutani kaye m'manja."

"Ndi ufa chabe uwu, sungailume," anatero a Lorene, akazi awo. Komabe anapukuta.

Inali nyanga ya ng'ombe yoyera ngati mkaka, khosi lake lakuda bii. Pathupi pake a Delmer anazokotapo mtsinje wonse ndi makhwawa ake, linga la mitengo, mbawala zitatu zikumwa madzi, ndi dzina la mwini wake m'zilembo zazikulu zodetsedwa ndi mwaye. Anaipala mpaka inapyapyala kotero kuti ukaikweza pawindo, onga unkaonekera m'kati ngati mthunzi. Pa zaka makumi atatu zimene anakhala akupangira nyanga anthu a ku linga, sanapangepo ina yoposa imeneyi, ndipo ankadziwa.

"Ambuye andikhululukire," anatero, "koma iyi yokha ndikunyada nayo."

Anthu a ku linga ndi aja amene mwezi wa Okutobala uliwonse, masamba a m'mapiri a Kentucky akafiira, amasiya magalimoto kuseri kwa phiri, n'kuvala malaya a bafuta ndi zikopa monga makolo awo a mu 1777, n'kukagona m'matenti masiku atatu akuwombera chandamale ndi mfuti za gogodera. A Delmer sanajombepo. Koma mwana wawo mmodzi yekhayo, Wendell, wa zaka makumi anayi ndi chimodzi, wokonza magetsi ku Ohio, anali asanapondeko zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri. Ankabwera kwawo pa Khirisimasi, n'kudya, n'kukamba za nyengo ndi za misewu, n'kubwerera. Ndiye m'mwezi wa Juni anaimba foni n'kunena mwachidule kuti, "Bambo, chaka chino ndibwera ku linga." A Delmer anangoika foni pansi n'kulunjika kushedi kukasankha nyanga.

Mawa lake, a Delmer atabwerako ku tchalitchi, asanavule ndi jekete lomwe, a Lorene anawapatsa foni yawo.

"Mpongozi wanu Tonya watumiza kakanema. Valani mandala."

A Delmer anavala. Anaona Wendell ali pabwalo lina la udzu, atanyamula mfuti yaitali. Anaikweza bwinobwino, utsi n'kuti phuu, ndipo patali chitsulo cha chandamale chinalira. Mtima wawo unadumpha ndi chimwemwe. Kenaka anabwezanso kakanemako, n'kuyang'anitsitsa phewa.

"Mafoniwa amatembenuza zinthu," anatero. "Kumanja kumaoneka kumanzere."

"Werengani zolembedwa pachipewa chakecho."

Anawerenga. Zilembo zinali zoongoka bwino lomwe.

"Mfutiyo anapanga yekha chaka chatha," anatero a Lorene. "Mwala wake wa moto uli kumanzere."

"Koma mwanayu tinamuwongola ali wamng'ono."

"Munamuwongola ndinu, bambo a Wendell. Ine ndinkangomuona akubwezera supuni ku dzanja lake inu mukangotuluka pakhomo."

A Delmer anakhala pansi. Wendell anabadwa wamanzere, ndipo iwo, monga anachitira bambo awo ndi aphunzitsi a nthawi imeneyo, anaona ngati ndi chilema chofunika kuchiza. Pa chakudya ankamangirira mkono wa malaya ake wa kumanzere ku lamba. Sankachita mwankhanza ayi, ankachita ndi pemphero, poganiza kuti akumukonzera tsogolo. Ali ndi zaka khumi ndi zinayi anapita naye ku linga, namuimika pamzere, mfuti paphewa lamanja. Mnyamatayo anawombera kakhumi, kakhumi konse n'kuphonya. Pamaso pa anthu onse a Delmer anati, "Bweretsa kuno nyangayo, ukungonditayira onga." Wendell anaivula, naiika pachitsa, napita kukakhala m'galimoto mpaka dzuwa kupendeka. Za linga zinathera pomwepo.

A Delmer anayang'ana nyanga yoyera ija ili pathebulo. Nyanga iliyonse ili ndi mbali yake. Ina imakhota mokumbatira nthiti za kumanja, ina za kumanzere, ndipo munthu amaikoleka mbali ya dzanja limene amathirira onga. Ukaikoleka mbali imene si yake, nsonga imaloza kunja n'kumakola m'zitsamba, zilembo n'kuzondoka. Iyi inali ya kumanja. Sanaganizeko n'komwe pamene ankaisankha.

Anaimbira foni mpongozi wawo.

"Apongozi, mwamuna wanuyo akudziwa kuti mwatumiza zimenezi?"

"Ayi bambo, akadziwa ndiona zakuda," anatero Tonya. "Akuti mfuti yakeyo akaisiya m'galimoto, wabwereka ina ya kumanja kwa mnzake. Akaweruka ku ntchito akumakayeserera ndi dzanja lamanja, kuti asakakuchititseni manyazi pamaso pa anzanu. Koma akuphonya, bambo. Akumabwera kunyumba ali ndwii, chakudya osachikhudza. Ine ndatopa nazo, n'chifukwa chake ndatumiza."

"Mwachita bwino, mwana wanga. Mulungu akudalitseni. Musamuuze kanthu."

Masana amenewo a Delmer, mkulu wa mpingo amene besi yake inkanjenjemeretsa mawindo a tchalitchi, anagwada pambali pa bedi osapeza mawu. Anangoti, "Atate, ndinaona ntchito ya manja anu n'kuyesa kuikonza." Atadzuka anawerenga masiku. Anatsala khumi ndi awiri.

Lolemba m'mawa anakhuthula thumba lonse la nyanga pansi m'shedi. Zinalipo makumi atatu ndi zinayi. Anazitenga imodziimodzi n'kumaziyesa panthiti pawo. Zonse za kumanja. Anaima pakati pa mulu umenewo n'kukumbukira chifukwa chake: zaka zonsezi, akalandira nyanga kuchokera kophera ng'ombe, za kumanzere ankaziponya pambali n'kumazidula kupanga masupuni, mabatani ndi zipeso. M'kabati ya a Lorene munali masupuni a nyanga osachepera makumi awiri.

"Ndiye kuti tadyera phala nyanga za mwana wathu zaka zonsezi," anatero a Lorene ataima pakhomo.

"Musandiwonjezere, mayi."

Anakwera pikapu yawo kupita kwa a Harlan Tackett. A Harlan anali mnzawo kuyambira ku sukulu, mlimi wa ng'ombe, ndiponso kapitawo wa gulu la ku linga, munthu wokhwimitsa malamulo amene anabwezapo dokotala wamkulu pachipata chifukwa cha zipi ya buluku. Anawapeza akutsitsa udzu m'khola.

"Mdala, wasochera? Linga ndi sabata yamawa."

"Ndikufuna nyanga, Harlan. Ya kumanzere."

"Masupuni atha?"

"Ndikufuna kupanga ya onga."

A Harlan analasa foloko yawo mu udzu n'kuseka mpaka kutsokomola. "Wamanzere pa linga langa? Iwe, mu 1777 kunalibe amanzere. Aphunzitsi ankawamaliza onse ndi chikwapu asanamere ndevu."

"Kapitawo wa matenti iwe, Malemba umawatsegula pa maliro pokha eti? Muli fuko lina m'menemo limene linali ndi asilikali mazana asanu ndi awiri, amanzere okhaokha, akatswiri oponya miyala osadziwa kuphonya. Ngati Mulungu anawalola kuima pamzere, iwe ndi chipewa chako cha nsonga zitatucho ndiwe yani?"

"Wayamba ulaliki Lolemba." A Harlan anapukuta misozi ya kuseka, kenaka anawayang'ana bwino mnzawoyo, ndipo kuseka kunatha. "Ndi za Wendell?"

"Eya."

"Ndinalipo tsiku lija," anatero a Harlan motsitsa mawu. "Ndinafuna kukuuza kanthu, koma ndinaopa nkhope yako."

Anakatenga makwerero n'kuwatsamiritsa pakhomo la khola, pamene panakhomedwa chigaza cha ng'ombe yawo yapagoli imene inafa zaka khumi ndi zisanu zapitazo. Anatsika nacho akuwefuka. Nyanga zake zinali zotuwa, zokakala, zosuwa mamba ndi mvula ndi dzuwa. A Delmer anagwedeza imodzi mpaka inazuka, naiyesa panthiti za kumanzere. Inakhala.

"Ndi yonyansa ngati mwini wake watsopanoyu," anatero a Harlan.

"Mwini wake sindine."

"Ndiye ipale kwambiri, mwina ikongola. Ndipo ukaiboola pambali usabwerenso, ng'ombeyi inali ndi nyanga imodzi yokha ya kumanzere."

A Lorene anakana kuti aiwiritsire m'khitchini chifukwa cha fungo, choncho anaiphika panja m'chitini. Lachiwiri ndi Lachitatu anathera pa tupa ndi pa mpeni wopalira. Mamba otuwa aja anayoyoka pang'onopang'ono, ndipo pansi pake sipanatuluke kuyera kwa mkaka ayi. Panatuluka mtundu wa uchi, ndi mzere wakuda wokhota kuchokera kukhosi mpaka pakati. A Delmer anaitembenuza padzuwa nthawi yaitali. Akanakhala masiku ena akanaitaya m'bokosi la mabatani osaiyang'ana kawiri.

Choopsa chinali kuboola. Kunsonga nyanga imakhala yogwirana, ndipo pamafunika kuboola kanjira koti kakakumane ndi mphako ya m'kati. Choboolera ndi choongoka, nyanga ndi yokhota. Ukapotoza pang'ono, chitsulo chimatulukira pambali, ntchito yonse n'kuthera pomwepo. A Delmer analowetsa waya m'mphako kuti aone pamene yathera, nalemba chizindikiro kunja, nadula nsonga. Anayamba kuboola akung'ung'udza nyimbo ya m'kwaya monga mwa chizolowezi chawo, koma chitsulo chitalowa ndithu nyimbo inazima yokha. Anaika chala pakhosi la nyanga kuti amve ngati kutentha kukuyandikira khungu. Anazungulitsa kamodzi, napuma. Anazungulitsanso. Kenaka choboolera chinapepuka m'manja, chitagwera m'mphako pakati penipeni.

"Alemekezeke!" anafuula, mpaka galu wa pakhomo anauwa.

Kukamwa kwakukulu anakuviika m'mafuta a nkhumba otentha kuti kufewe, nakukankhira pa chipika chosongoka kuti kubulungire. Anasema chitsekero cha paini, nachimata ndi phula la njuchi, nachikhomera ndi minga isanu ndi itatu ya kutchire, popeza makolo aja misomali inkawasowa. Atatero anaika milomo kunsonga n'kuuzira ndi mphamvu zonse mpaka masaya anawawa. Mpweya sunatulukire paliponse. Mvula ingagwe bwanji, onga wa m'menemo sudzanyowa.

Lolemba linalo analemba dzina ndi pensulo, n'kuitana akazi awo.

"Imani apa. Kwezani mkono wamanzere."

"Ndili ndi nyemba pamoto, bambo."

"Nyemba zidikira."

Anawakoleka nyangayo ndi chingwe pamwamba pa epuloni. A Lorene anawerama kuiyang'ana, kenaka anapita pagalasi la m'khonde.

"Dzina la mwana wanga laima ndi mutu."

Zinali zoona. Dzanja la a Delmer linali litalemba monga linazolowera zaka makumi atatu, kuyambira mbali ya nyanga ya kumanja. Akanangotenga mpeni osayesa, bwenzi atawononga. Anafufuta ndi chala chonyowetsa malovu, nayambiranso.

Kuzokota kwake kunawavuta kuposa mmene ankaganizira. Nyangayi inkafuna kugona pabondo mozondoka, nsonga italoza kumene sanazolowere, ndipo mpeni unkachita ngati wobwereka. Mzere umene masiku onse ankaudula osaganiza tsopano unkafuna thukuta. Kawiri mpeni unaterereka n'kuwacheka chala chachikulu. Tsiku lachitatu la kuzokota anauponya pathebulo mokwiya, khosi litauma, n'kunena okha kuti, "Chinthu chophweka ngati ichi!" Iwo anali atavutika masiku atatu. Anaona m'maganizo mwawo kamnyamata kali pathebulo, mkono womangidwa, kakuthamangitsa nsawawa m'mbale ndi supuni ya m'dzanja lachilendo, ndipo anatola mpeni uja mofatsa.

Nthawi ya mitsinje ndi makhwawa panalibe. Anazokota dzina, WENDELL SHUMATE, pansi pake mawu oti NYANGA YAKE monga mwa mwambo, kamzere ka manomano kuzungulira kukamwa, ndi mbawala imodzi imene a Lorene anati ikufanana ndi galu wa a Harlan. Anapaka mwaye wosakaniza ndi mafuta, napukuta, zilembo n'kutuluka zakuda pa mtundu wa uchi uja. Nyanga yoyera ya miyezi itatu anaikulunga m'nsalu n'kuiika pashelefu yapamwamba.

Loweruka m'mawa ku linga kunali utsi wa nkhuni, fungo la khofi ndi la chigumu chowotcha m'mapoto achitsulo. A Harlan ankayendera anthu pachipata atavala chipewa chawo, akusuzumira nsapato ndi mabatani. A Delmer anali ataima pafupi ndi chitsime kuyambira dzuwa lisanatuluke bwino. Ndipo anamuona akubwera m'kanjira ka kuseri kwa phiri: mwamuna wamtali, ndevu zoyamba imvi, malaya a bafuta osokedwa ndi mkazi wake, mfuti yobwereka m'manja. Tonya ankatsatira pambuyo atavala chipewa choyera cha nsalu.

"Mwadzuka bwanji, bambo?"

"Ndadzuka, mwana wanga. Mwayenda bwino?"

"Msewu unali bwino. Akonza paja panali maenje."

Akanatha kukamba za msewu mpaka masana. A Delmer anatulutsa kamtolo m'malaya n'kumupatsa. Wendell anamasula, nawerenga dzina lake, nasisita zilembo ndi chala.

"Zikomo, bambo. Ndi yokongola."

Anaponya lamba wa nyangayo pamutu n'kuigwetsera mbali ya kumanja. Nyangayo inakana. Nsonga inatuluka kunja ngati chala cholozera, dzina litazondoka. Anthu angapo amene anali pafupi anayang'anana, poti aliyense wa ku linga amaidziwa nyanga yokolekedwa molakwika.

"Taonani," anatero a Harlan akuyandikira, "yaloza kwawo ku Ohio."

Wendell anafiira makutu. Anaikanikiza ndi chigongono kuti ibisike, ndipo a Delmer anaona pankhope pake kuti akuganiza kuti bambo ake akalamba, asokoneza nyanga, ndipo akufuna kuwabisira manyazi.

"Ili bwino, bambo. Ndizolowera."

"Usazolowere," anatero a Delmer. "Wazolowera zokwanira."

Anagwira lamba ndi manja awo, naukweza pamutu pa mwana wawo monga ankachitira pomuvula juzi ali wamng'ono, naugwetsera mbali inayo. Nyanga inatsetsereka n'kukagona panthiti za kumanzere, nsonga italoza kutsogolo pafupi ndi dzanja, dzina litaima loti aliyense awerenge. Wendell anayang'ana pansi. Dzanja lake lamanzere linapita lokha n'kukagwira khosi la nyangayo, ndipo linakhala pomwepo.

"Ndinakumanga dzanja limene Mulungu anakupatsa," anatero a Delmer. Mawu awo sanali otsika, poti anafuna kuti amene anamva zija amvenso izi. "Ndipo pabwalo lomwe lino ndinakunyoza chifukwa cha kulakwa kwanga. Kwa Iye ndanena kale. Tsopano ndikunena kwa iwe. Undikhululukire, Wendell."

Wendell anatembenukira kwa mkazi wake. "Ndiwe eti?"

"Ine ndikungoona mitengo," anatero Tonya, misozi ili mbwembwembwe.

Wendell anayang'ananso nyanga ija, naitembenuza pang'ono. "Zinatha, bambo," anatero potsiriza. "Zatha lero." Anapukuta mphuno ndi mkono wa malaya. "Koma kanyamaka ndi kachiyani? Galu?"

"Ndi mbawala, iwe! Katenge mfuti yako m'galimoto. Iyo ubweze kwa mwini wake."

Nthawi yowombera itakwana, a Harlan anandandalitsa amuna pamzere moyang'ana phiri, kumene kunapachikidwa chitsulo chachikulu ngati mbale, mtunda wa mapazi zana. Mfuti ya gogodera ikalira imalavula moto pambali, kudzera pa kabowo ka pafupi ndi mwala. Za kumanja zimalavulira kumanja, ndipo anthu amadziwa kutalikirana kwake. Ya Wendell inkalavulira kumanzere.

"Wamanzere kumapeto uko," analamula a Harlan. "Kumanzere kwake kusaime munthu."

Wendell anapita kumapeto kwa mzere. A Delmer anasiya malo awo a zaka zonse pakati, natsamiritsa mfuti yawo pamtengo, napita kukaima kumanzere kwa mwana wawo, phewa ndi phewa.

"Mdala, choka apo, upsa ndevu!"

"Ndevuzi ndi zanga, Harlan. Lamula anthu ako."

Wendell anazula kachitsekero ka kunsonga ndi mano, napendeketsa nyanga ndi dzanja lamanzere, onga n'kuyenderera bwino kulowa m'kamuyeso. Anauthira mumfuti, naika kansalu ndi chipolopolo, nazitsendera ndi ndodo kawiri. Manja ake sankafunafuna kanthu, chilichonse chinali pamene dzanja linkachiyembekezera. A Delmer sanayang'ane chandamale n'komwe. Ankayang'ana manja amenewo.

Mfuti inakwera paphewa lamanzere. Kenaka mwala unathetheka, mfuti n'kugunda. Moto unawaza a Delmer patsaya ngati mchenga wotentha, fungo la ndevu zowauka n'kukwera m'mphuno. Kuphiri kuja chitsulo chinalira kuti ngwee, mawu ake n'kubwerera m'chigwa chonse.

"Mwamva?" inatero besi ija, yomveka mpaka kumatenti kumene a Lorene anaimirira ndi chikombe m'manja. "Mwamva nonse? Ameneyo ndi Wendell Shumate, mwana wanga!"

"Kamodzi ndi mwayi," anatero a Harlan, akubisa kumwetulira m'ndevu.

A Delmer anathothola kambaliwali kamene kanali kakufuka pa kolala yawo, osasuntha phazi ngakhale limodzi.

"Thiranso onga, mwana wanga," anatero. "Ulipo wambiri."